Wapampando Kumbuyo kwa Nyimbo

A Davison Mbewe, wapampando wa kalabu ya alimi a fodya ya Tiyesenso ku Kapelula, anayamba kutsatsa filimuyo kutatsala milungu itatu kuti ionetsedwe. Anamangirira chimkuzamawu pakaliyala ya njinga, batire ya galimoto n'kuiika m'dengu, basi ulendo mudzi ndi mudzi, fumbi la Ogasiti lili koboo m'mbuyo mwawo.

“Loweruka pa twente-foro! Filimu ya nyimbo ndi nthabwala! Ndikonde Fodya Asanaume! Yojambulidwa konkuno, m'chigafa cha a Davison Mbewe, amene mukuwamvawa!”

Agalu ankauwa, amayi a pachitsime ankatula ndowa n'kumayang'ana. Wina akafunsa kuti filimuyo ikukamba za chiyani, a Davison ankayankha kuti za chitukuko, n'kupalasa njinga.

Sikuti iwo ankakonda mafilimu. Chimene chinkawapalasitsa njinga padzuwa lonselo chinali chisankho. Lolemba lotsatira tsiku la filimulo kalabu inkasankha wapampando, ndipo mpando umene iwo anaukhala zaka zisanu ndi chimodzi unali utayamba kugwedera. Wapampando ndiye ankasunga jeke yodindira mabelo, ndiye ankakwera lole kupita ku okushoni, ndiye ankakhala kutsogolo akabwera a kampani yogula fodya. Munthu wozolowera zimenezi sabwerera pabenchi mwakufuna kwake.

Chimene chinagwedeza mpandowo chinali belo limodzi. M'mwezi wa Juni belo la kalabu linabwezedwa ku okushoni. Atalitumbula, kunja kunali masamba ofiirira bwino, otalika ngati mkono, koma mkati munali zinyenyeswa zosesa pansi, timitengo ndi fodya wonyowa amene anali atachita chuku. A kampani ananena mawu amodzi okha: zikachitikanso, kalabu yonse aichotsa m'kaundula. Belolo linali losakaniza. Mayi Ezelina, mayi wamasiye wolima theka la ekala, analibe fodya wodzaza belo paokha, choncho wawo anaphatikizidwa ndi wa a Davison. Pamsonkhano a Davison anaimirira, anatsokomola, n'kunena kuti umasiye ndi wovuta koma si chifukwa chonyazitsira gulu. Mayi Ezelina anachotsedwa m'kalabu tsiku lomwelo. Sanalire, sanatsutse. Anangokunga chitenje chawo n'kutuluka.

Kuchokera apo anthu ena ankalonjera wapampando ndi mutu wokha. Ndiye a Davison anaona kuti chinthu chimene chingakumbutse anthuwo kuti iwo ndi ndani chinali kuwaona pansalu yoyera, aakulu ngati khoma.

Filimuyo anaijambula m'mwezi wa Meyi. Mwini wake anali Vincent, mnyamata wa paboma amene ntchito yake yeniyeni inali kujambula maukwati, koma ankafuna kuti azimutchula kuti Dairekita. Ankavala jekete ya matumba khumi ndi awiri, onse opanda kanthu. Anabwera ndi Princess, mtsikana wa mu saluni, amene analowa m'chigafa atavala nsapato za gogoda n'kutitimira mpaka mu akakolo, ndiponso Ernest, mphunzitsi wa pulayimale wodziwika ndi nthabwala pa maphwando a aphunzitsi. Ernest ndiye ankasewera ngati mlimi. Anadetsa dzino limodzi ndi khala, n'kumanga buluku ndi luzi, chifukwa paboma amakhulupirira kuti mlimi ndi munthu amene amagwa pafupipafupi.

Tsiku lojambula nyimbo yaikulu a Davison anavala malaya a kutchalitchi, n'kuima pambali pa Princess.

“Ayi madala, inu pitani kumbuyoko,” anatero Vincent. “Pajekepo. Muzingogwira ntchito yanu monga mwa masiku onse. Kamera musaiyang'ane.”

“Nanga kumbuyoko ndioneka?”

“Kumbuyo sikuoneka kwenikweni. Kumakhala ngati nkhungu, ndi mmene amajambulira akunja. Timangofuna kuti kuzioneka kanthu koyendayenda. Nkhope yanu ionekera kwina, musadandaule.”

A Davison anakhumudwa pang'ono, koma anakumbukira kuti lole inkabwera m'mawa mwake ndipo belo limodzi linali lisanakwane. Nyimboyo anaibwereza kakhumi ndi kamodzi chifukwa Princess ankaiwala mawu. Munthu sangaime nthawi yonseyo akunamizira kugwira ntchito. Anauzidwa kuti achite monga mwa masiku onse, ndipo anachitadi monga mwa masiku onse, m'kati mwa nkhungu imene Dairekita anawalonjeza.

Zithunzi zotsatsira zitafika, akazi awo, mayi Feliya, anayang'anitsitsa chimodzi nthawi yaitali. Panali Princess atanyamula mfuti, mkango utayasamula kumbuyo kwake, nyumba yosanjikizana ikuyaka moto, ndi helikopita pamwamba. Pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, panalembedwa kuti: Ndi a D. Mbewe, mwini chigafa.

“Bambo a Diana, helikopitayi inatera pati? Ine ndinali pakhomo masiku onse aja.”

“Simungazimve zimenezi. Ndi kutsatsa.”

“Nanga mkangowu unadya mbuzi ya yani?”

“Ndati ndi kutsatsa! Mukufuna anthu abwere kudzaonera chigafa chokha?”

“Chigafacho n'chimene chinalipo,” anatero mayi Feliya, n'kupitiriza kutongola chimanga.

Loweruka lija, nthawi ya thu koloko masana, shedi yakale yogulitsiramo chimanga inadzaza thothotho. Mabenchi anabwereka kusukulu, mawindo anatseka ndi ziguduli zakale za mabelo kuti mukhale mdima, jenereta inkalira panja. A Davison anali atalamula kuti membala aliyense wa kalabu abwere, ndipo wojomba alembedwa ngati wajomba msonkhano. Onse makumi atatu ndi mmodzi anabwera. A Davison anakhala kutsogolo pampando wa ndalema, pakati pa Vincent ndi Princess. Atacheuka kuti aone khamulo, anaona mayi Ezelina pabenchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, manja ali pamiyendo. Sanawaitane. Koma filimu si ukwati, aliyense amalowa.

Vincent anayamba ndi mawu. Anati anthu a kumudzi nawonso ayenera kuphunzira kuonera filimu, kuti pamene pali poseketsa aziseka, pamene pali nyimbo azimvetsera, osati kumangolongolola. Kenaka nsalu inawala.

Mkango sunaoneke. Anaoneka Ernest akuyendetsa ngolo, n'kugwa chagada m'fumbi miyendo ili m'mwamba. Ernest weniweni, amene anakhala pamzere wachiwiri, anaseka yekha. Shedi yonse inali zii.

“Ng'ombezo wazimanga mosemphanitsa,” anatero munthu wina mumdima. “Yaikuluyo imakhala kumanja.”

“Goli lomwelo ndi lopotoka. Ngolo ya yani imeneyi?”

“Ya a Patrick.”

“Ndimadziwa.”

Ernest anagwanso m'ngalande, kenaka anagwa padenga la khola, kenaka anamenyedwa ndi mpini umene anauponda yekha. Ana anaseka pang'ono mwaulemu. Akuluakulu anali kalikiliki kukambirana za mizere ya m'munda umene unkaoneka kumbuyo kwake, kuti mwini wake anaitalikitsa mopitirira muyeso. Kuseka kwenikweni kunabuka pamene panalibe nthabwala: Princess, ali ndi chisoni chachikulu chifukwa bambo ake amukaniza kukwatiwa ndi mlimi, anasenza ndowa ya madzi imene aliyense ankaona kuti ndi yopanda kanthu, ikuvina pamutu ngati chipewa. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa.

“Iwe mwana, khosi lako lidalitsike!”

Princess anatembenukira kwa Vincent. “Akuseka chiyani? Apa ndi polira.”

“Asiye, sanazolowere,” anatero Vincent.

Kenaka Princess wa pansalu analowa m'chigafa dzuwa lili paliwombo, anathothola tsamba louma pamkangala n'kulikumbatira pachifuwa. Tsambalo linafumbutuka ngati chikondamoyo chouma. Shedi yonse inabuula pamodzi, kubuula kwa pamaliro.

“Mayo ine! Tsamba lapamwamba limenelo!”

“Fodya amamugwira masana? Amadikira chinyezi cha m'mawa!”

“Mlimiyo asamukwatire ameneyu, amusaukitsa.”

A Davison anaseka nawo, ngakhale tsambalo linali lawo. Chigafa chinkaoneka bwino, chachitali, chodzaza. Anamva wina akunena kuti koma wapampando chaka chino analima, ndipo mtima wawo unakhala m'malo. Anawongola miyendo.

Nyimbo yaikulu inayamba ndi gitala. Ernest anagwada, Princess anayang'ana kudenga, n'kuyamba kuimba:

Mtima wanga ndi chigafa,
lowamo wokondedwa,
uume pang'onopang'ono.

Nkhungu ija inalipodi, Vincent sananame. Koma inagwera pa anthu olakwika. Okondanawo ankaoneka ngati anthu oima kuseri kwa utsi wa zinyalala, mphuno ndi pakamwa zitasakanikirana. Kumbuyo kwawo, pakati penipeni pa mapewa awo, zonse zinali mbee ngati m'mawa mvula itakata. Jeke inkaoneka mpaka misomali yake. Pambali pake panali a Davison, malaya a kutchalitchi atapinda manja.

Anayala mapindi, timitolo ta fodya wabwino, pansi pa bokosi la jeke, mosamala ngati akugoneka khanda. Kenaka anasuzumira uku ndi uku, anakoka thumba kuseri kwa mzati, n'kukhuthulira pakati zinyenyeswa ndi timitengo. Anatenga tsache, analiviika m'ndowa, n'kuwaza. Anaviikanso, anawazanso. Anaima kaye ngati akuganiza, kenaka anatenga ndowa yonse n'kupungulira. Pamwamba anayalanso masamba okongola.

Princess ankaimbabe za mtima wake. Palibe amene ankamumva.

Pampando wa ndalema paja, a Davison anaganiza zotsokomola, anaganiza zodzuka kukaona jenereta, koma sanadzuke. Anadzilimbitsa mtima kuti mwina ndi iwo okha amene akuona, poti munthu amadzizindikira msanga.

Nyimbo inatha. Kenaka anamveka mawu a a Lameki, mlembi wa kalabu, munthu wosachedwa kupsa mtima koma lero akuyankhula mofatsa modabwitsa.

“A Dairekita, tabwezani nyimbo ija.”

Vincent analumpha. “Mwaikonda?”

“Kwambiri. Tabwezani.”

“Bwezani! Bwezani!” shedi yonse inavomera.

Princess anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. “Ndinkadziwa ine,” ananong'oneza. “Mayi anga ankati ndisiye zoimba.”

“Nthawi yatha,” anatero a Davison. “Mabenchi akufunika kubweza. Tipitirize kutsogolo.”

“Madala, anthu akapempha nyimbo sukaniza,” anatero Vincent. “Ngakhale kunja zimachitika kamodzikamodzi zimenezi.”

Anaibweza. Ulendo uno anthu anaimirira, akumbuyo anakwera pamabenchi. Ankaonera ngati mpira.

“Taonani, akusuzumira!”

“Thumba lija ilo!”

“Kawiri... katatu... eee, ndowa yonse!”

“Koma dzanja ndi lozolowera. Si kuyamba lero kumeneku.”

Vincent anayamba kukayika. Anayang'ana anthu, anayang'ana nsalu, ndipo kwa nthawi yoyamba chijambulireni filimu yake anaona kuti kumbuyo kwa oimba ake kuli munthu.

A Davison sanakhale wapampando zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha tulo. Nyimbo isanathe kachiwiri anali atapeza khomo lotulukira. Anaimirira patsogolo pa nsalu, kuwala kwa pulojekita kuli pankhope, n'kuseka mokweza.

“Abale anga, mwaona luso? Ha! Ndakupusitsani nonse! Limeneli ndi sewero. A Dairekita anandipempha kuti ndisewere ngati mlimi wachinyengo, kuti anthu aphunzirepo. Monga a Ernest apa, kodi ndi opusa? Si aphunzitsi? Dzino lawo lija ndi lowola? Ndiye inenso chimodzimodzi. Si choncho, a Dairekita?”

A Davison anamuyang'ana Vincent ndi maso a munthu amene wagwera m'chitsime. Vincent naye anali m'chitsime chake. Kukana kukanatanthauza kuvomera pamaso pa Princess ndi anthu mazana awiri kuti nyimbo yake yaikulu anaijambula molakwika. Anakonza jekete.

“Ndi zoona,” anatero. “Umenewu timautcha uthenga wobisika. Kutsogolo chikondi, kumbuyo chinyengo. Ndinachita dala kuti kutsogolo kusaoneke bwino. Si aliyense angazimvetse.”

“Unachita dala?” anatero Princess. “Nkhope yanga unaichita dala?”

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kukhala pansi. Nkhaniyo inali ndi mutu. A Patrick, amene anali atakwiya kale chifukwa cha goli lawo, anati zoona, za mafilimu n'zabodza zokhazokha, ndowa ija inalinso yopanda madzi. A Davison anapuma. Anayamba ngakhale kuganiza kuti Lolemba adzanena zoti anadzipereka kunyozeka pofuna kuphunzitsa gulu.

“Pepani a Dairekita.”

Mawuwo anachokera kuchitseko. Mayi Ezelina anali ataimirira.

“Ine za mafilimu sindizidziwa. Ndimangofunsa. Chigudulicho, chimene apachika pajekepo, chili ndi nambala. Kaya makina anuwa angaionetse? Kapena ndi ofooka?”

“Ofooka?” Vincent anaseka mwachipongwe. “Mayi, kamera imeneyi imaona nsabwe pamutu pa munthu ali kutsidya kwa dambo. Taonani.”

“Zosafunika zimenezo,” anatero a Davison.

Koma Vincent anali atagwada kale pa laputopu yake. Anaimitsa chithunzi, anachikoka, anachikokanso, mpaka okondana aja anasowa ndipo nsalu yonse inadzaza ndi chiguduli. Panali zilembo za penti yakuda, zolembedwa ndi dzanja limene aliyense m'kalabu ankalidziwa: TIYESENSO, ndipo pansi pake 7.

“Mwaona? Mpaka ulusi ukuoneka!” anatero Vincent, akuyang'ana anthu kuti amuombere m'manja.

“A Lameki,” anatero mayi Ezelina, “belo limene linabwerera lija, limene ndinachotsedwera, linali nambala chani?”

“Seveni,” anatero a Lameki. Sanafunikire kutsegula buku.

“Ndiye sewerolo litatha, a wapampando anaiwala kumasula. Linakwera lole lili m'sewero momwemo.” Mayi Ezelina anatembenukira kwa anthu. “Masamba a pamwambawo ndi anga. Ndimamanga mapindi ang'onoang'ono, manja angawa ndi aafupi. Zikomo a Dairekita, makina anu ndi abwino.”

Anakhala pansi.

Phokoso limene linabuka linamveka mpaka kuchigayo. A Davison anayesa kunena kuti nambala zimafanana, kuti penti imanama, kuti nkhani za kalabu sizikambidwa pagulu pali ana ndi alendo. Apa a Lameki anawakumbutsa kuti amene analamula kuti kubwera kuno kuwerengedwe ngati msonkhano ndi wapampando yemwe, ndipo mamembala onse alipo, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambireni kalabu. Panalibe chifukwa chodikirira Lolemba.

Anachotsa chiguduli pawindo limodzi kuti manja aoneke. Ofuna kuti mayi Ezelina abwerere m'kalabu: manja onse, mpaka a anthu amene sanali mamembala, mpaka la Ernest. Ofuna kuti a Davison achoke pampando ndi m'kalabu momwe: manja anakweranso. A Patrick anazengereza, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakweza lawo mpaka pakhutu. A Lameki anatuma amuna anayi kuti akatenge ngolo, jeke ya kalabu isagonenso pakhomo pa munthu amene si membala.

“Ndiye tipitirize?” anafunsa Vincent ndi mawu aang'ono. “Kwatsala mphindi makumi anayi. Kuli ukwati kutsogoloku, ndi nyimbo zina ziwiri.”

“Pitirizani,” anatero wina. “Mwina tionanso ena.”

Anthu angapo anaseka, koma ena sanaseke. Ankakumbukira kuti masiku ojambula aja nawonso ankadutsadutsa kumbuyo.

A Davison anayenda pakati pa mabenchi mpaka pamene panakhala amayi. Anawerama.

“Amayi a Diana, tiyeni.”

Mayi Feliya sanachotse maso pansalu. “Tsogolani. Ine ndikufuna ndione ngati akwatirane.”

Panja dzuwa linali likadaswa mtengo. Anakankha njinga osaikwera, kudutsa m'minda ya ziputu za fodya, mpaka kwawo. Anapeza ngolo itaima kale pachigafa, amuna anayi aja akulimbana ndi jeke. Ndi chinthu cholemera, cha matabwa a mlombwa ndi chitsulo, ndipo chili ndi pogwirira pake. Anali ataipendeketsa molakwika, mwendo umodzi utakodwa pamzati.

“Muthyola chigafa changa,” anatero a Davison.

“Ndiye bwerani mugwire uku, a Mbewe,” anatero mmodzi wa iwo, osawayang'ana n'komwe. “Inu ndi amene mukuidziwa.”

A Davison anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula jekete, n'kugwira mbali ya kumunsi, yolemera ija.